Ndinasoka Posang'ambika

Ana anga owerenga, sabata ino ndalakwa. Ndalakwa ndi singano, ndalakwa ndi ulusi, ndalakwa ndi manja anga awiriwa. Koma musafulumire kundimvera chisoni. Khalani pansi kaye, mumve mmene zinayendera.

Inu mumandidziwa, ine sindidutsa pong'ambika. Thumba la ufa likabooka, ndasoka. Neti ya udzudzu ikayasama, ndasoka. Ngakhale ambulera ya aneba ndinaisokapo eni ake asanandipemphe. Amayi anga, amene anachokera ku Milanje, ku Mozambiki, ndi mtolo pamutu kudzathyola tiyi ku Thyolo, anandisiyira chuma chimodzi chokha: singano yobaya pa duku. Sukulu ndinalekezera sitandade 2, koma singanoyo sindinaisiye.

M'nyumba mwanga ku Chinyonga ndimakhala ndi mdzukulu wanga Tamanda, mwana wa malemu mwana wanga Rozina. Ali chaka chomaliza ku koleji ya zachipatala m'tauni muno. Si wa jakisoni, si wa mapilitsi. Iye ndi wa m'chipinda choyezera, wa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kuti amalize, ayenera kuima pamaso pa aphunzitsi atatu ndi kufotokoza ndi pakamwa zimene analemba m'buku lake.

Mwezi watha anaima. Anamufunsa funso limodzi, lilime linauma gwa, mawu onse amene analoweza anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Anamuuza kuti abwerenso Lachinayi lapitali, ndipo ulendo umenewu unali womaliza. Akalephera, abwereza chaka chonse, anzake akuvala mikanjo iye akuonerera pawindo.

Lolemba mwanayo anapita pa kaunjika ku Limbe, n'kugula siketi yabuluu wakuda ndi jekete lake, kuti akaoneke ngati munthu. Lachitatu masana, iye ali ku laibulale, ndinaitenga kuti ndiisite. Nditaitembenuza, mayo ine! Kumbuyo kwake, kuchokera m'munsi kukwera m'mwamba kutalika ngati chikhatho changa, nsalu yalekana.

"Anthu a ku Limbe opanda chisoni," ndinatero ndekha, "kumugulitsa mwana wamasiye chong'ambika!"

Ndinasolola singano pa duku. Ndinasankha ulusi wa nayiloni, uja wosokera matumba. Ndinasoka kupita, ndinasoka kubwerera, ndikuyimba:

Soka, soka, singano yanga,
mwana asachite manyazi pa anthu,
soka, soka, usasiye mpata.

Ndinaisita, ndinaipachika, osamuuza kanthu. Ntchito yabwino sitiimbira belu.

Lachinayi mayeso anali 2 koloko masana. Tinanyamuka cha m'ma 11, ine ndikuti ndimuperekeze mpaka pachipata. M'njira ndinaona kuti akuyenda timapazi tifupitifupi ngati nkhunda. Ndinati mumtima, anthu ophunzira amayenda chonchi, ndi ulemu.

"Anganga, siketiyi yandithina bwanji? Ku Limbe sinali chonchi."

"Ndi mantha, mwanawe. Mantha amatupitsa munthu."

Tinafika pasiteji, minibasi inaima, kondakitala n'kukuwa: "Masteni, changu! Sisi, lowani, mpando wa abwana ulipo!" Tamanda anakweza mwendo kuti aponde pakhomo.

Kweee!

Osati pamene ndinasoka ine, ayi. Ulusi wanga unagwira ngati ukwati wa kale. Inang'ambika ndi nsalu ya pambali pa msokowo, kukwera m'mwamba mpaka pamene sindingatchule m'nyuzi. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumukulunga msangamsanga. Kondakitala anangoti, "Pepani sisi, ife tapita," chitseko phaa.

Mwanayo anapapasa kumbuyo, n'kundiyang'ana.

"Anganga. Mwasoka siliti?"

"Ndasoka pong'ambika."

"Sipanang'ambike! Amasiya dala mpatawo kuti munthu azitha kuponya mwendo!"

Misozi mbwee. Chovala china choti n'kuima nacho pamaso pa aphunzitsi analibe. Ndipo si siketi yokha imene inang'ambika, ndinaona m'maso mwake. Kamtima kochepa kamene anakasonkhanitsa mwezi wonse kanatayikira pansi pomwepo. Anati, "Basi, tiyeni kunyumba. Zimenezi si zanga."

Ndinangomugwira dzanja n'kumukokera pakhonde la golosale ya pafupi ndi siteji, pamene pamakhala a Domingo ndi makina awo. A Domingo ndi telala, makolo awonso ndi a ku Mozambiki konko, tayimba nawo kwaya imodzi zaka zosawerengeka. Tamanda anakavula kuseri, n'kubwera ali m'chitenje changa ndi jekete pamwamba, n'kukhala pabenchi mutu uli pansi.

A Domingo anakweza siketi padzuwa, n'kutsitsa magalasi pamphuno.

"Anganga ake a Tamanda, ntchito yanu iyi? Ulusi uwu si womangira mbuzi?"

"Ndi wolimba."

"Wolimba zedi. Ukanakhala wofooka ukanaduka wokha, nsalu n'kupulumuka. Tabwerani muone. M'mphepete umu ndi mopinda. Anabweza nsalu, nsonga yake n'kuilowetsa m'kati, n'kudinda ndi makina. Pong'ambika simupeza mpendero, mupeza ulusi uli nyankhalala. Popinda ndi pothera, mayi. Telala wosasiyanitsa pothera ndi pong'ambika tsiku lina adzalumikiza miyendo ya thalauza."

Ndinafuna kuwayankha kuti maso anga akalamba, koma Tamanda anadzutsa mutu.

"A Domingo, tabwerezani."

"Za mbuzi?"

"Ayi, za pothera ndi pong'ambika."

Anabwereza. Mwanayo anaimirira, chitenje n'kutsala pang'ono kugwa.

"Ndi funso lija! Ndi lomwe anandifunsa mwezi watha!"

"Anakufunsa za siketi?" ndinatero.

Anaseka, misozi ikadali m'masaya. "Anganga, khalani apa. Pamene a Domingo akusoka, ine ndikufotokozereni. Mukamva inu ndiye kuti iwonso amva."

"Ine ndimve Chingerezi?"

"M'Chinyanja, Anganga."

Tsono tcherani khutu, ana anga, ndikupatsireni monga anandipatsira, makina a a Domingo akulira cheke-cheke pambali.

Akuti thupi lathuli ndi lomangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. M'kati mwa selo muli ulusi wolembedwa malangizo onse a munthuyo: mphuno ikhale yotere, khungu lotere, magazi otere. Ulusiwo si umodzi wautali. Ndi zingwe makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, dzina lake makromozomu, ndipo chingwe chilichonse chili ndi nsonga ziwiri, uku ndi uku.

Tsono zingwezi zimaduka. Tsiku ndi tsiku zimaduka: dzuwa limadula, utsi umadula, ngakhale ntchito ya thupi lenilenilo imadula. N'chifukwa chake m'selo muli osoka ake, amene amayendayenda kufufuza poduka.

"Ali ngati inu, Anganga. Sadutsa pong'ambika. Akaona nsonga ikulendewera, amaigwira n'kuilumikiza ndi nsonga ina imene ili pafupi."

"Ndiye ndi anthu abwino," ndinatero, ndikuwayang'ana a Domingo m'mbali.

"Abwino kwambiri. Popanda iwo sitingakhale ndi moyo. Koma funso la aphunzitsi linali ili: nanga nsonga zenizeni za zingwezo, zimene ndi pothera, bwanji osokawo sazitenga ngati poduka? Pajatu akalakwitsa, alumikiza chingwe ichi ndi icho. Ndiye selo likamagawika kuti likhale awiri, mbali iyi ikukoka, mbali iyo ikukoka..."

"Kweee," anatero a Domingo, osadzutsa mutu.

"Eya! Ndipo sichiduka pamsoko, chimaduka pena. Osoka aja athamangiranso pamenepo, alumikizanso molakwika, chidukenso. Mapeto ake malangizo asokonekera. Ndi njira imodzi imene khansa imayambira."

Ndinagwira pakamwa. Kani kulakwa kwanga kuli ndi abale ake m'thupi?

"Nanga amadziwa bwanji kuti apa ndi pothera?"

"Mpendero, Anganga! Kunsonga kwa chingwe chilichonse kuli chigawo chopanda malangizo, dzina lake telomiya. Ndi zilembo zisanu ndi chimodzi zokha, zongobwerezabwereza kambirimbiri: Ti, Ti, Eyi, Ji, Ji, Ji. Ti, Ti, Eyi, Ji, Ji, Ji."

"Imeneyo ndi kolasi!" ndinatero, n'kuiyamba pomwepo ndi mawu a soprano, ndikuomba m'manja. A Domingo analowa ndi besi, phazi likupalasa makina motsatira. Mayi wogulitsa nthochi pafupi anafunsa ngati ndi nyimbo ya Pasaka.

"Tadikirani, sindinathe," anatero Tamanda, koma tsopano maso akuwala. "Chigawo chimenecho chimapindika kubwerera m'mbuyo, nsonga yake n'kulowa m'kati mwa chingwe chomwecho n'kubisala. Ndendende mmene a Domingo akupindira apa. Ndiye pamwamba pake pamakhala alonda asanu ndi mmodzi, mapuloteni, gulu lawo timati sheltarini. Ena amathandiza kupinda, ena amaphimba nsonga. Osoka aja akafika, amapeza palibe cholendewera, alonda ali chilili, basi amapitirira. Alondawo akachoka, mpendero umamasuka, osoka n'kukuwa kuti kwaduka kuno!"

Kenako ananena motsitsa mawu: "Mayina awo onse ndinawaloweza, Anganga. Nditha kuwatchula ngakhale ndili m'tulo. Koma sindinkawaona akugwira ntchito. Lero ndawaona."

A Domingo anadula ulusi wanga ndi lezala, wonse, mosaumvera chisoni. Pong'ambika paja anapabweza m'kati, mpata wa kumbuyo n'kuupinda bwinobwino. Nthawi inali itadutsa 1 koloko. Tamanda anavala, anaponya mwendo uku, anaponya uko, nsalu ili zii. Minibasi yachiwiri anakwera ngati mbawala.

M'minibasimo mutu wanga sunakhazikike. Ine ndimadziwa nsalu. Mpendero uliwonse umatha.

"Nanga wa m'thupiwo sutha?"

"Umatha, Anganga. Selo likamagawika limayenera kukopera zingwe zonse, koma chokoperacho sichifika kunsonga kwenikweni. Ndiye ulendo uliwonse telomiya imafupika pang'ono. N'chifukwa chake kunsongako kuli kolasi chabe, kuti kudyeke kolasi, malangizo atsale. Ikafupika kwambiri, yosathekanso kupinda, selo limasiya kugawika. Limapuma pantchito. Ndi mbali imodzi ya ukalamba."

"Ndiye zanga zatha?"

"Zafupika, koma zikugwira. Munthu wa matelomiya otha sangandikoke dzanja mmene munandikokera paja."

Bambo wina wa tayi amene anakhala kutsogolo kwathu anatembenuka. "Pepani achemwali, ndamva nawo. Palibe mankhwala owonjezera kutalikako? Ine ndingagule lero lomwe."

"Chowonjezera chilipo m'thupi momwemo, bambo, dzina lake telomerezi. Koma maselo ambiri amachitseka dala. Mukudziwa amene amakonda kuchitsegula? Maselo a khansa, amene safuna kupuma. Ndiye wina akakutsatsani botolo kuti likubwezerani unyamata, mufunseni kaye za zimenezo."

Bamboyo anati "Hmm," n'kuyang'ana kutsogolo. Tamanda anandinong'oneza: "Koma chokoma ndi ichi, Anganga. M'maselo a mbewu ya bambo ndi ya mayi, chowonjezeracho chimagwira ntchito. N'chifukwa chake khanda silibadwa ndi ukalamba wa makolo ake. Limayamba ndi mpendero wake wautali, watsopano."

Ana anga, munamvapo uthenga wokoma chotere m'minibasi? Ine wofupika nsonga, amayi anga anafupika nsonga mpaka kupita, koma aliyense wobadwa amayamba ndi nsalu yatsopano! Ndinayimba chamumtima mpaka tinatsika.

Analowa itatsala pang'ono 2 koloko. Ine ndinakhala pansi pa mtengo kunja kwa chipata, ndipo m'pamene manyazi enieni anandipeza.

Zaka zinayi mwana uyu wakhala m'nyumba mwanga. Ndamuphikira, ndamuchapira, ndamupempherera mpaka maondo kuchita zikang'a. Kutchalitchi ndimadzitama kuti mdzukulu wanga ali ku koleji. Akandifunsa kuti akuphunzira chiyani, ndimati "zachipatala", basi nkhani yatha. Koma tsiku ndi limodzi lomwe sindinamufunse kuti, "Iwe, m'mabuku akowo muli chiyani?"

Chifukwa chiyani?

Ndinkati sindingamve. Iyenso ankati Anganga sangamve. Tonse awiri tinagwirizana popanda kukambirana, aliyense n'kukhala mbali yake ya tebulo. Mwezi watha atabwera akulira, ndinamuphikira tiyi wa mandimu n'kumuuza kuti Mulungu alipo. Mulungu alipodi. Koma funso limene linamugwetsalo sindinalifunse. Ndikanafunsa, bwenzi atayesa kundifotokozera, n'kupunthwa pamaso pa ine amene sindilemba malikisi, n'kudzuka, n'kuyesanso. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Ndipo si ine ndekha, musandinamize. Pitani ku Soche, pitani ku Ndirande, kwerani mpaka ku Nyambadwe kwa anthu a mipanda ndi agalu. Ana akuphunzira za nyenyezi, za magetsi, za malamulo, za tizilombo ta malungo. Makolo tikudziwa dzina la sukulu, tikudziwa tsiku lotsegulira, tikudziwa nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Za m'katimo, zii. Nzeru zikulowa m'nyumba m'chikwama madzulo, zikutulukanso m'chikwama m'mawa, osagawirako munthu.

Ife akulu tili ndi matenda athu: timaona ngati kufunsa mwana ndi kudzitsitsa. Timakonda kukonza kusiyana ndi kufunsa. Tikaona chimene sitikuchidziwa pa mwana, kavalidwe kaya kayankhulidwe kaya maganizo, timathamangira singano, pamene mawu atatu okha akanakwana: "Kodi apa m'potani?" Safunsa anadya phula, timawaphunzitsa ndife mwambi umenewu. Kodi unalembedwa kuti ndi wa ana okha?

Nanunso ana ophunzira, musabisale kuseri kwa Chingerezi. Chingerezi n'chabwino, chimatsegula zitseko, sindikukana. Koma chimene sungathe kuwauza agogo ako pakhonde, uli nacho pakamwa chabe, sichinatsikire m'mimba. Tsiku lina wina adzakufunsa mokhotetsa pang'ono, ndipo udzaima ngati chitsa. Mawu ena m'Chinyanja mulibe, zoona. Bwerekani, tidzazolowera. Sitinabadwe tikudziwa kunena "wailesi" kapena "shuga". Lero ine ndikuti telomiya, lilime silinathyoke.

Ndili m'maganizo amenewa, dzuwa litapendeka, ndinamva nsapato zikubwera, ko, ko, ko, mapazi aataliatali. Ndinaopa kudzutsa maso. Ndinayang'ana nyerere pansi.

"Anganga."

"Anafunsa?"

"Lomwe lija. Mphunzitsi yemwe uja, wa ndevu zoyera."

"Ndiye iwe?"

"Ndinavula jekete, ndinatembenuza mkono wake, ndinawaonetsa mpendero. Ndinati apa ndi pothera, ndipo selo limadziwa chonchi. Nditatero mayina aja anangobwera okha, aliyense ndi ntchito yake. Anandifunsa mafunso ena asanu, ndinayankha anayi. Lachisanulo ndinati sindikudziwa."

"Mayo! Unati sukudziwa?"

"Anati limenelo ngakhale iwo akufufuzabe." Anagwada pamaso panga, n'kundigwira manja onse awiri. "Ndakhoza, Anganga. Ndamaliza."

Lululululu! Ana anga, nthungululu imene ndinaimba pachipata paja, mlonda anatuluka m'kanyumba kake ndi chibonga. Atamva nkhani anachiika pansi n'kuomba m'manja. Ndinavina, maondo akukana ine ndikuvina, duku linagwa ine ndikuvina. Ndinaitana Rozina mwana wanga kumene ali: taona, taona, taona mwana wako! Amayi anga othyola tiyi, taonani kumene mtolo wanu wafika! Anthu a m'maofesi ankadutsa akuseka, wina anaimitsa galimoto n'kuliza hutala. Ndinalibe nazo ntchito. Mkanjo tivala, chipewa cha ngodya zinayi tivala, ndipo ine ndidzakhala kutsogolo ngakhale atandiuza kuti mipando ndi ya anthu a makadi.

Tsono ndatha zanga, ndatsala ndi inu.

Madzulo ano mwana wanu alowa m'nyumba ndi chikwama kumsana, kaya ndi wa sitandade 5, kaya ndi wa ku yunivesite. Mudzamufunsa ngati wadya, mudzamufunsa chifukwa chake wachedwa, zimenezo ndikudziwa. Koma kodi mudzalimba mtima, inu bambo a nyumba, inu mayi a ulemu wanu, kuzimitsa wailesi, kumukokera mpando, n'kunena kuti, "Tandiphunzitse chimene waphunzira lero, ine sindikuchidziwa"?